"Ndinangotsatira lamulo": mlandu wa Breaker Morant

M'mamawa wa pa 27 Febuluwale 1902, Harry "Breaker" Morant ndi mnzake Peter Handcock anawomberedwa ku Pretoria ndi asilikali a mbali yawo yomwe, ya Britain. Khoti la asilikali linapeza Morant wolakwa pa kupha Mabunu 12 omwe anali atagwidwa kale pankhondo ya pakati pa Britain ndi Mabunu ku South Africa.

Zinayamba mu Ogasiti 1901, pamene Captain Percy Hunt, mkulu wa Morant komanso bwenzi lake m'gulu la asilikali a mbali ya Britain lotchedwa Bushveldt Carbineers, anaphedwa pomenyana ndi Mabunu ku Duivelskloof. Morant, mtima uli phuphuphu ndi mkwiyo, analamula kuti Floris Visser, Mbunu wovulala amene anamugwira, awomberedwe. Kenaka ena asanu ndi atatu, kenakanso atatu. Omwe anaulula anali asilikali 15 a m'gulu lomwelo, polemba kalata mu Okutobala.

Pozenga mlandu ku Pietersburg, komwe lero ndi Polokwane, loya wawo Major James Thomas sanalimbane kwambiri ndi zoti anthuwo anaphedwa. Mfundo yake inali yoti akuluakulu analamula kuti asamagwire adani amoyo. Lamulo lolembedwa lotero silinaoneke m'khotimo.

Koma tinene kuti linalipodi. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Msilikali amaphunzitsidwa kumvera, inde, koma mdani akaponya mfuti pansi n'kukweza manja, sakhalanso womenyana naye. Pangano la ku Hague la mu 1899 linali litaletsa kale kupha munthu wotere, komanso kulengeza kuti wogonja sadzasiyidwa wamoyo. Khoti la ku Nuremberg, lomwe linazenga milandu ya atsogoleri a chipani cha Nazi cha ku Germany, linatsindika m'1946 kuti kumvera mkulu sikufafaniza mlandu, kungathe kungochepetsa chilango. Lero Gawo 33 la Pangano la ku Rome la mu 1998, lomwe linakhazikitsa khoti la padziko lonse la ICC, limakana chowiringulachi ngati lamulolo linali loipa moonekeratu.

Amene amati Morant anangosankhidwa kuti asenze tchimo la ambiri ali ndi mfundo, ndikuvomereza. Captain Alfred Taylor, yemwe ankadziwika ndi nkhanza m'dera lomwelo, anamasulidwa. George Witton, mnzawo wa m'gulu lomwelo amenenso anagamulidwa kuphedwa, mkulu wa asilikali a Britain pankhondoyo Lord Kitchener anamusinthira chilango kukhala ndende moyo wonse, ndipo anatuluka m'1904. Komabe kupulumuka kwa enawo sikunasinthe zomwe Visser anachitidwa. Anthu ena a ku Australia, komwe Morant ankakhala asanapite kunkhondo, atapempha kuti Morant akhululukidwe, boma la Britain linakana m'2010.