Lekani kuyankha kuti "mundipatse zomwe mungathe"

Sabata yatha mnyamata wina anandipeza pa mzere wa ejenti wa Airtel Money pa boma pano pa Kasungu, n'kunditambasulira foni. "Bambo, anthu ena andifunsa mtengo wolembera nkhani zinayi za pa tsamba la bizinesi yawo. Ndawayankha kuti apereke zomwe angathe. Ndalakwitsa kodi?" Ndinangomuyang'ana. Yankho limeneli ndalimva kambirimbiri moti masiku ano likandifika m'khutu mutu umayamba kuwawa.

Inde walakwitsa, ndipo si iwe wekha. Mayi wogulitsa tomato mumsika samuuza kasitomala kuti apereke zomwe angathe. Amatchula mtengo wa mulu, kenako kunenerera kumayambira pamenepo. Ife a ku Kasungu tikudziwa bwino zomwe zimachitikira mlimi amene wagulitsa fodya wake kwa mavenda pakhomo msika wa ku Chinkhoma usanatsegulidwe: ndalama amaiona msanga, koma phindu amakadyera wina. Wolemba amene satchula mtengo wachita chimodzimodzi, kungoti iye wabetsa yekha popanda womukakamiza. Ndipo musaganize kuti wofuna ntchitoyo akuonani ngati munthu waulemu. Akuona kuti simudziwa kuti ntchito yanu ndi ya ndalama zingati, ndiye ayambira pansi penipeni.

Mtengo umachokera pa nthawi. Anthu amawerenga mawu okhawo amene aoneka pa pepala, kuiwala zonse zimene zinachitika mawuwo asanafike pamenepo. Tengani nkhani ya mawu 800 yokhudza alimi a soya. Muwerenga kaye, muimbira foni anthu awiri kapena atatu, mwina mukwera kabaza kukaonana ndi mlangizi. Mulemba. Magetsi akazima mukatchajitsa laputopu pa shopu ya wina, molipira. Mukatumiza, abweza kuti musinthe apa ndi apo. Pofika pomaliza tsiku ndi theka lapita, bandulo yatha, yunitsi yatha. Akakupatsani K8,000, chotsani zonsezo muone chotsala. Ine ndimauza achinyamata kuti afunse mmisiri womanga nyumba wa kwawo kuti amalandira zingati pa tsiku, ndipo asatsike kuposa pamenepo. Chiwerengero chimodzi chokwanira aliyense sindikupatsani, chifukwa lipoti la bungwe, sewero la pa wailesi ndi uthenga wotsatsa malonda pa Facebook si ntchito imodzi. Koma njira yowerengera ndi yomweyo.

Omasulira, mverani apa, chifukwa inu ndi amene mumabetsa osadziwa n'komwe. Chichewa chimalumikiza zinthu zambiri m'liwu limodzi. "Sindidzakuiwalani" ndi liwu limodzi, koma m'Chingerezi pamafunika mawu anayi kapena asanu kuti anene zomwezo. Ndiye mukagwirizana kuti akulipirani potengera mawu a Chichewa amene mwatulutsa, kompyuta iwerenga ochepa kuposa amene munapatsidwa, ngakhale thukuta lake ndi lomwelo. Muziwerengera mawu a m'chikalata chimene mwalandira, musanayambe ntchito, nonse mukuona nambala yake. Za kulipirana pa tsamba ndiye zisiyeni: munthu amachepetsa kukula kwa zilembo, masamba 20 n'kukhala 12.

Chinanso, mtengo umaola ngati tomato. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Amene anatchula mtengo mu Okutobala n'kudzalandira ndalama mu Febuluwale anagwira ntchito ina yaulere. Pansi pa mtengo wanu lembani kuti ukugwira ntchito kwa masiku 30 okha.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya mtsikana wina wa cha ku Santhe, mwana wa mnzanga wa kutchalitchi. Anamaliza sukulu ya ukachenjede, ntchito osaipeza, koma kulemba amatha zedi. Anthu a kabungwe kena kakang'ono anandifunsa ngati ndikudziwa munthu woti awalembere pulopozo yopemphera thandizo, ine n'kupereka nambala yake. Anamuuza mawu amene aliyense wa ntchito yathuyi anawamvapo: "Ndalama tilibe pakali pano, koma thandizo likabwera, iwe ndiwe woyamba." Anavomera. Milungu itatu ankagona mochedwa, bajeti anakonza yekha, ulendo wa kumudzi kukafunsa amayi anayendera ndalama ya bambo ake.

Thandizo linabwera. Iye anadziwira pa Facebook, ataona zithunzi za mwambo wokhazikitsa pulojekitiyo, mawu amene anawapeka yekha ali pa chinsalu kumbuyo kwa alendo olemekezeka. Ataimba foni anamuuza kuti opereka thandizo salola kulipira ntchito imene inachitika pulojekiti isanayambe. Choipa n'chakuti pamenepo sananame kwenikweni, ambiri opereka thandizo salolanso zimenezo. Koma amenewa ankadziwa kuyambira pachiyambi. Anabwera kwathu madzulo ena, n'kukhala pa khonde, "Amalume, nditani?" Ndinamufunsa ngati pali pamene analemberana. Panalibe, zonse anakambirana pakamwa. Ndinalibe chomuuza. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti popereka nambala ija sindinawonjezere chiganizo chimodzi chokha chakuti asayambe asanalandire theka la malipiro. Pano mtsikanayo akugulitsa kaunjika, ndipo za kulemba safuna kuzimva.

N'chifukwa chake pa nkhani ya theka sindinyengerera. Kasitomala watsopano apereke theka ntchito isanayambe, lina pomaliza. Telala amatero, kalipentala amatero. Wokana kupereka theka wakuuzani kale mmene adzachitire pa mapeto. Ndipo mgwirizano sufuna loya. Uthenga wa pa WhatsApp wonena ntchito yake, kutalika kwake, tsiku lopereka, mtengo, ndi kuti kusintha kwaulere ndi kawiri kokha, iye n'kuyankha kuti wavomera, ndi umboni woposa "tinagwirizana paja". Pa kusinthapo musaiwale, chifukwa alipo ena amene amabweza nkhani kasanu, aliyense mu ofesi mwawo akufuna kuikamo mawu ake.

Mukamaliza, invoisi, kalata yoitanitsa malipiro anu, ipite tsiku lomwelo. Manyazi odikira kuti "asaone ngati ndikuwathamangitsa" ndi amene amapha anthu. Mabungwe amagwira ntchito ndi ndalama za pulojekiti, ndipo pulojekiti ikatsekedwa mabuku ake amatsekedwanso. Mukachedwa miyezi iwiri mupeza amene anakupatsani ntchito uja anachoka, wolowa m'malo mwake sakukudziwani. Funsaninso poyamba ngati mtengo mwagwirizanawo adzadulapo msonkho. Makampani ndi mabungwe amadula msonkho wa withholding asanakulipireni n'kupereka ku MRA. Si kuba ayi, ndi lamulo, koma tengani TPIN yanu, nambala yolipirira msonkho, ndipo muzifunsa satifiketi yosonyeza kuti msonkhowo unapitadi. Wodula msonkho n'kumazemba kupereka satifiketi, mukayikireni.

Tsono akathyali. Awa ndiye achuluka ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Muwaona m'magulu a pa WhatsApp ndi zithunzi za madola: phunzirani kulemba pa intaneti, muzilandira ndalama zakunja muli kwanu, lembetsani lero ndi ndalama yakutiyakuti pa Mpamba. Chikomekome cha mkuyu. Kulembetsa pa Upwork kapena pa Fiverr, masamba a pa intaneti opezerapo ntchito zoterezi, ndi kwaulere, palibe munthu wa ku Lilongwe kapena kwina kulikonse amene ali ndi kiyi wa kumeneko. Ndipo sakuuzani kuti Fiverr imatenga 20 peresenti pa ntchito iliyonse, kuti ndalama yotsalayo imadikira masiku 14 musanaitulutse, kuti pofika m'manja mwanu yadulidwanso m'njira, komanso kuti mukupikisana ndi olemba a ku Kenya, Nigeria, India ndi Philippines amene anayamba kalekale. Ntchito ilipo kumeneko, sindikukana, koma miyezi yoyamba imakhala youma.

Ena amagulitsa ma akaunti opangidwa kale, a dzina la munthu wakunja. Tsiku limene eni tsambalo adzafune chiphaso kapena kukuonani pa vidiyo, akauntiyo itsekedwa ndi ndalama zanu momwemo, ndipo simungadandaule kulikonse chifukwa dzinalo si lanu. Ena amati tumizani kaye nkhani yoyesera yaulere ya mawu 1,000. Akapempha anthu khumi, aliyense mutu wake, apeza nkhani khumi osalipira ndi tambala yomwe. Wofuna kuona luso lanu muonetseni zimene munalemba kale, kapena alipire yoyeserayo. Za kulembera ophunzira a ku koleji ma asayimenti ndi ma disateshoni sindifuna n'kutayirapo nthawi: wophunzira akakana kulipira mukamusumira kuti, poti nonse mwachita zachinyengo?

Palinso nyimbo yatsopano, yoti "ChatGPT imalemba ulere, ndiye tsitsani mtengo". ChatGPT ndi makina a pa intaneti amene amalemba zimene wawauza. Ndimawauza kuti ailembetse. Ambiri amabwerera ndi Chichewa chopindika, choti agogo a ku Chulu sangamve kanthu, n'kumati mungokonzako pang'ono. Kukonza zoterezi nthawi zina kumadya nthawi kuposa kuyamba pa pepala loyera, ndiye musakulipiritse ngati kusesa. Onani kaye chikalatacho musanatchule mtengo. Ndipo makinawo sakwera kabaza kupita ku Chamama kukakhala pansi ndi mlimi.

Mnyamata uja tinachoka naye pa mzere n'kukakhala pa benchi ya telala. Tinawerengera limodzi maola, bandulo ndi ulendo, n'kulemba uthenga wina: kupepesa kuti poyamba anayankha mopupuluma, mtengo wa nkhani zinayizo ndi uwu, theka poyamba, kusintha kawiri. Chala chinkanjenjemera potumiza. "Bambo, nanga akakana?" Ndinamuuza kuti akhoza kukanadi. Dzulo wandiimbira kuti anthu aja anayankha kuti mtengowo wakwera, achotseko pang'ono, koma za theka avomera. Ndamuuza kuti achotseko nkhani imodzi, osati mtengo, ndipo asatsegule laputopu mpaka uthenga wa ndalama utalowa pa foni.