Peresenti ya chiyani?

Pa ntchito yanga yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Lusaka, ndaona kuti kuchotsera ndi kuchulukitsa sikuvuta anthu. Chimavuta ndi kusankha nambala yogawira. Peresenti iliyonse imakhala ya chinthu chinachake, ndiye mukaphonya chinthucho, yankho limaphonyanso ngakhale foni yanu itawerengera bwino chotani.

Tinene kuti thumba la unga la 25kg linali K200 ku msika wa Soweto, lero lafika K250. Lakwera ndi K50. Gawani K50 ndi mtengo wakale, K200, muchulukitse ndi 100, mupeza 25 peresenti. Likadzatsika kuchoka pa K250 kubwerera pa K200, kusiyana ndi K50 yomweyo, koma tsopano mukugawa ndi K250, ndipo mupeza 20 peresenti. Poyambira pasintha. Wamalonda wochenjera amachidziwa bwino ichi. Chitenge cha K100 achikweza ndi 50 peresenti kufika K150, kenako alemba pazenera kuti wachotsa 30 peresenti. Inu mulipira K105, n'kutuluka mukumwetulira.

Pamene ndimakumana ndi vutoli kawirikawiri ndi pa VAT, msonkho wa boma woikidwa pa mtengo wa katundu, yomwe kuno ndi 16 peresenti. Munthu ali ndi risiti ya K580, msonkho uli momwemo, ndiye atenga 16 peresenti ya K580 n'kunena kuti VAT ndi K92.80. Ayi ndithu. Msonkhowo unaikidwa pa mtengo wa katundu usanawonjezedwe. Gawani K580 ndi 1.16, mupeza K500, ndipo VAT ndi K80. K12.80 pa risiti imodzi sioopsa, koma dikirani marisiti a mwezi wonse aunjikane.

Bungwe la Zambia Statistics Agency limalengeza mwezi ndi mwezi mmene mitengo yakwerera poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha, ndipo Bank of Zambia imafuna kuti nambalayo ikhale pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Mukamva pa wailesi kuti yatsika, tinene kuchoka pa 15 kufika pa 12, musathamangire ku City Market kukafuna mitengo yotsika. Zinthu zikukwerabe, liwiro lokha ndilo lachepa.

Palinso peresenti yoyezera kuphonya, pamene sikelo kapena munthu wanena nambala yosiyana ndi yeniyeni. Apa timagawa ndi nambala yeniyeniyo. Womanga wakuuzani kuti mpanda udya matumba 40 a simenti, koma palowa 50. Waphonya ndi matumba 10, ndipo 10 kugawa ndi 50 ndi 20 peresenti. Inu mukadandaula kuti ndalama zapyola bajeti ndi 25 peresenti, simukunama, chifukwa inu mukuwerengera pa 40 yomwe munakonzekera. Nonse mukunena zoona, mafunso anu ndiwo osiyana, ndipo mikangano yambiri ya eni nyumba ndi omanga imayambira apa.

Ubwino wa peresenti imeneyi ndi wakuti imakuuzani pomwe muyenera kupsa mtima. Sikelo yowonjezera 100g pa thumba la chimanga la 50kg yaphonya ndi 0.2 peresenti, nkhani yosafunika kutayira mawu. Koma 100g yomweyo pa kapenta ya 500g ndi 20 peresenti, kutanthauza kuti mukulipira 600g n'kunyamula 500g. N'chifukwa chake ine ndimadera nkhawa kwambiri ogula pang'onopang'ono, a pamela (timapaketi ting'onoting'ono ta unga) ndi tindiwo ta tsiku limodzi, kuposa ogula matumba. Kuyesa masikelo a m'misika ndi mapampu a mafuta ndi ntchito ya Zambia Metrology Agency, koma nanunso mungadziyesere. Gulani paketi ya shuga ya 1kg yosatsegula, muiike pa sikelo imene mukuikayikira, muone nambala yomwe ionetse.