Mwana amene akulandira mankhwala a khansa akatentha thupi: mafunso ndi mayankho

Mwana aliyense amatentha thupi. N'chifukwa chiyani wodwala khansa amafunika kuthamangira naye kuchipatala?

Mankhwala a khansa sasankha. Pomwe akupha maselo a khansa, amagwetsanso asilikali a m'thupi, makamaka maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophils. Asilikaliwa amachepa kwambiri pakapita masiku 7 mpaka 14 chilandirireni mankhwala. Nthawi imeneyi tizilombo tikalowa m'magazi sitipeza wotiletsa, ndipo mwana amene amasewera m'mawa akhoza kukhala kayakaya pofika madzulo. Kawirikawiri chizindikiro chimakhala chimodzi chokha: thupi kutentha.

Lamulo lake likuti bwanji?

Thupi likafika madigiri 38, nyamukani, kaya ndi pakati pa usiku. Cholinga cha achipatala n'chakuti mwana alandire mankhwala opha mabakiteriya pasanathe ola limodzi chifikireni, osadikira zotsatira zonse za magazi. Mukangofika, onetsani buku la kuchipatala la mwanayo, n'kunena tsiku limene analandira mankhwala a khansa komaliza. Musakhale pamzere mwakachetechete.

Achipatala amadziwa bwanji kuti mwana ali pachiopsezo chachikulu?

Amayamba ndi maso: kodi akubanika, akunjenjemera, wafooka, manja ndi mapazi azizira? Amayeza kuthamanga kwa magazi, n'kuyang'ana m'kamwa ngati muli zilonda, pakhungu, ndiponso pamene panalowa dripu. Kenako amatenga magazi. Ma neutrophils akatsika kufika pansi pa 500 pa microlitre imodzi (kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi), chitetezo chimakhala chitagwa. Mtundu wa khansa umawerengedwanso: khansa ya m'magazi, makamaka kumayambiriro kwa chithandizo, imaopsa kuposa khansa zambiri za zotupa. Kunyentchera kumawonjezera vuto.

Ana amene apezeka kuti chiopsezo n'chochepa, nthawi zina amatulutsidwa msanga kukamwera mankhwala kunyumba, koma pokhapokha ngati angathe kubwerera mwachangu zinthu zikasintha. Kwa wochokera kutali ndi Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kugonekedwa ndiye kwabwino, ngakhale kumatopetsa.

Nanga akakhala malungo chabe?

Amayezanso malungo. Koma kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti m'magazi mulibe mabakiteriya. Zonse ziwiri zimatha kubwera pamodzi, choncho musagule LA n'kukhala kunyumba.

Ndimumwetse kaye Panado?

Ayi, muyezeni kaye. Panado amabisa kutentha thupi koma tizilombo tikupitirira kuchulukana. Yezani m'khwapa, osati kotulukira chimbudzi, chifukwa kabala kakang'ono kumeneko kakhoza kulowetsa tizilombo m'magazi. Ngati mulibe choyezera koma mwana akutentha mukamugwira, pitani naye kuchipatala chapafupi osazengereza.