Kuika subwoofer m'galimoto osachotsa wailesi yake

Galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Vitz, Mira ndi Note, zimabwera ndi timasipika ta m'zitseko basi. Mawu a woimba amamveka, koma besi, kugunda kuja komwe umakumva pachifuwa, kulibe. Ukakweza, zitseko zimangonjenjemera. Anthu akabwera ku galaja amafuna tizule wailesi yonse, pomwe nthawi zambiri sikofunika. Subwoofer (sipika yapadera yotulutsa besi) yokhala ndi ampulifaya (chokuza mphamvu ya mawu) yakeyake mkati imagwira bwino ndi wailesi yomwe inabwera ndi galimotoyo, ndipo zina n'zopyapyala moti zimalowa pansi pa mpando.

Wailesi zoterezi kawirikawiri zilibe potulukira RCA (timabowo tolumikizira ampulifaya) kumbuyo, choncho nyimbo timaitenga pa mawaya opita ku masipika akumbuyo. Subwoofer zambiri zili ndi polowetsera mawaya amenewa, polembedwa high level input. Ngati yanu ilibe, mugule kachipangizo kotchedwa line output converter, kamene kamachepetsa mphamvu ya nyimboyo kuti ampulifaya ailandire bwino. Pulasi ndi mainasi zisasinthane mbali imodzi, chifukwa besi ya kumanja ndi ya kumanzere zimadyana, mumangomva kaphokoso kofooka.

Koma pomwe pagona nkhani ndi pa magetsi. Waya wa pulasi uchoke pa batire penipeni, osati pa choyatsira ndudu kapena pa fyuzi ya wailesi, chifukwa mawaya amenewo ndi ang'ono ndipo amatentha. Pa wayawo payikidwe fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Ambiri amaganiza kuti fyuziyi imateteza subwoofer. Ayi, imateteza galimoto. Waya umadutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndipo m'misewu yathu ya mabampu umakhulana ndi chitsulocho mpaka kusupuka. Ukakhudza bodi popanda fyuzi, batire imakhuthulira mphamvu zake zonse pamenepo, waya umafiira, kapeti n'kuyaka. N'chifukwa chake timaudutsitsa mu rabala yomwe ilipo kale pa bowo, ndipo fyuzi ikapsa sitimanga ndi kawaya ngati momwe ena amachitira.

Samalaninso pogula wayawo. Wotchipa kwambiri umakhala wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni: mkati mukayera mbuu, si kopa weniweni. Umatentha msanga ndipo umafumbutuka polumikizira. Kwa subwoofer yaing'ono ya pansi pa mpando, waya wa kopa wa 8 gauge (muyezo wa kunenepa kwa waya) ndi wokwanira. Wa ethi, wa mainasi, ukhale wonenepa chimodzimodzi, waufupi, womangidwa pa bodi pomwe mwapala penti mpaka chitsulo kuwala. Kulira kwa "wiii" komwe kumakwera mukaponda mafuta, nthawi zambiri gwero lake ndi ethi yomangidwa mwaulesi.

Eni ma hybrid, batire yanu ya 12V mwina siili ku injini. Mu Aqua ili pansi pa mpando wakumbuyo. Mawaya a mtundu wa olenji ndi a magetsi amphamvu oti n'kupha munthu, musawayandikire.

Subwoofer iyenera kuzima mukazimitsa galimoto. Zina zimadziyatsa zokha zikamva nyimbo. Ngati yanu siitero, kawaya kake ka remote, kamene kamaiyatsa ndi kuizimitsa, kalumikizidwe pomwe magetsi amabwera pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, apo ayi m'mawa mudzayamba ndi kufuna anthu okukankhani.

Za 1000W zolembedwa pa katoni musatengeke nazo. Yang'anani nambala ya RMS, ndiyo mphamvu yomwe imatulutsa mosalekeza. Kagalimoto kakang'ono 150W RMS imakakwanira, ndipo alternator yake siivutika.

Pomaliza pali timabatani. Gain si voliyumu. Ntchito yake ndi kufananitsa subwoofer ndi mphamvu yochokera ku wailesi. Itsitseni kaye yonse, kwezani wailesi mpaka pomwe masipika atsala pang'ono kusasa mawu, kenako kwezani gain pang'onopang'ono mpaka besi igwirizane ndi nyimbo yonse. Low pass, yomwe imatsekereza mawu okwera kuti pazidutsa besi yokha, yambirani pa 80 Hz. Mukamamva mawu a woimba akutuluka pansi pa mpando, mwaikweza kwambiri. Kabatani ka phase, kothandiza kuti besi isadyane ndi ya masipika, kali ndi 0 ndi 180. Khalani pampando wa dalaivala, wina asinthe uku ndi uku, musiye pomwe besi yamveka yodzaza.