Yankho la funso la Chisipanishi lili kumchira kwa mneni

Ndikafunsa ophunzira oyamba kumene kuti "¿Hablas español?" (umalankhula Chisipanishi?), ambiri amayankha kuti "Sí, hablas español." Apatu andiuza kuti wolankhula Chisipanishiyo ndine, osati iwo. Mawu onse amawadziwa, koma mneni amubweza mmene wabwerera.

Ife mneni timamusintha kumutu: umalankhula, ndimalankhula. Chisipanishi chimamusintha kumchira: hablas, hablo. Choncho mukafunsidwa, musathamangire kusaka mawu atsopano. Gwirani mneni wa m'funsomo, mchira wake ukhale o. "¿Dónde vives?" (umakhala kuti?) yankho ndi "Vivo en Madrid." "¿Cómo te llamas?" (dzina lako ndani?) yankho ndi "Me llamo Chikondi", te wasanduka me, ndipo ll uja amamveka ngati y. Pokana, no amabwera kawiri: "No, no hablo inglés." Woyambayo ndi "ayi", wachiwiriyo ndi si- wa mu "sindilankhula".

Aneni ena ndi osamvera lamulo, ofunika kungowaloweza: eres (ndiwe) amayankhidwa ndi soy, estás (uli) ndi estoy, tienes (uli ndi) ndi tengo. Pamenepa ndimapempha ophunzira kuti asadzere ku Chingerezi, chifukwa n'kumene amasochera. Chingerezi chili ndi mneni mmodzi, to be, pomwe Chisipanishi chili ndi awiri, ser (komwe kumachokera soy) ndi estar (komwe kumachokera estoy), ndipo ife awiriwa tili nawo kale. "Ndine mphunzitsi" ndi "soy profesor". "Ndili bwino" ndi "estoy bien", "ndili kunyumba" ndi "estoy en casa". Sizifanana paliponse, koma pa mafunso a tsiku loyamba "ndine" ndi "ndili" sangakutayeni. Zaka nazonso n'chimodzimodzi. Akati "¿Cuántos años tienes?" mumati "Tengo 20 años", ndili ndi zaka 20. Njala ndi "tengo hambre", ludzu "tengo sed". Wodzera ku Chingerezi amati "soy 20", zomwe sizimveka kwa mwini chilankhulo.

Ulemu uliponso: tú ndi iwe, usted ndi inu. Ku Spain tú ndi wofala kwambiri, pomwe m'madera ena a ku Colombia usted amamveka ngakhale pakati pa abale. Wokupatsani ulemu adzati "¿Dónde vive usted?", wopanda s kumapeto, koma yankho lanu silisintha, ndi "vivo" yemweyo.

Funso likakudutsani, musangogwedeza mutu. Nenani kuti "Más despacio, por favor", kupempha kuti alankhule pang'onopang'ono, kenako tcherani khutu pa mneniyo.