Blantyre Winayo, Tauni ya Thonje Imene Inatibwereka Dzina

Ambirife tikamva dzina loti Blantyre timaganiza za Ndirande, Limbe kapena phokoso la mabasi pa Wenela. Komatu dzinali ndi lobwereka. Eni ake ndi anthu a katauni kena ka ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, komwe sitima yochokera ku Glasgow imafika theka la ola lisanathe. Mukatsika pa siteshoni n'kulowera kumtsinje, mumapeza nyumba yoyera yosanjikizana yotchedwa Shuttle Row. Mwa zochepa zimene zatsala za mudzi wa antchito a pafakitale, iyi ndiyo imaonekera, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo mbiri ya David Livingstone.

Fakitale yopota thonje inayamba pamalopa mu 1785, mwini wake woyamba ali David Dale, ndipo pambuyo pake inapita m'manja mwa banja la Monteith. Makina ankayenda ndi mphamvu ya madzi a Clyde. Kampani inamangira antchito ake nyumba, sukulu ndi sitolo, moti moyo wonse wa munthu, kuyambira podzuka mpaka pogona, unali m'manja mwa abwana. Mu Shuttle Row yekhayo munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi.

Chipinda chimene Livingstone anabadwiramo pa 19 March 1813 chilipobe. N'chaching'ono, pafupifupi mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, ndipo mabedi ake ndi olowa m'khoma ngati makabati. Momwemo ndi mophikira, modyera ndi mogona makolo ndi ana onse. Amene munachitapo lendi kachipinda kamodzi ku Mbayani kapena ku Bangwe simungafune wina wokufotokozerani.

Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi ukaduka pamakina. Mwana ankayenda uku ndi uku pakati pa makina akuzungulira, m'chipinda chotentha ndi chodzaza fumbi la thonje, maso ali tcheru kuti ulusi woduka usampitirire. Ntchito inkayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, kenako sukulu maola awiri. Livingstone ankaika buku pamakina n'kumaba chiganizo chimodzichimodzi podutsa, mpaka mu 1836 anakayamba maphunziro a udokotala ku Glasgow. Timakonda kusimba nkhaniyi polimbikitsa ana asukulu, ndipo n'zoona kuti mnyamatayo anali wakhama. Koma ine mtima umandipita kwa anzake mazanamazana amene ankafika m'kalasimo ali olefuka n'kuyamba kusinza. Iwowa palibe anawamangira chipilala.

Pali chinanso chimene sichiyenera kubisika. Thonje lambiri limene ana amenewa ankapota linkalimidwa ndi akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Munthu amene anadzadziwika polimbana ndi malonda a akapolo kwathu kuno anakulira pa malipiro ochokera m'thukuta la akapolo. N'chifukwa chake atayenda m'chigwa cha Shire ndi kufika ku nyanja ya Malawi mu 1859 ankalimbikira zoti thonje lizilimidwa ndi anthu aufulu.

Fakitale inatsekedwa mu 1904, nyumba zambiri za mudziwo zinagwetsedwa, ndipo Shuttle Row nayo inali itatsala pang'ono kupita. Anthu anasonkherana ndalama, ana a Sande sukulu nawonso akuponyapo kangachepe, n'kuigula. Inatsegulidwa ngati malo a chikumbutso mu 1929. Kwa zaka zambiri nkhani ya mkatimo inali ya mzungu mmodzi wolimba mtima, ngati kuti ankayenda yekha m'thengo. Ataikonzanso n'kuitsegula mu 2021, anapereka malo kwa Aafirika amene anamusenza, kumumasulira zinenero ndi kumulondolera njira. Pakati pawo pali Abdullah Susi ndi James Chuma, Myao amene anaomboledwa ku ukapolo ali mnyamata mu 1861. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1873, awiriwa ndi anzawo ananyamula mtembo wake miyezi yambirimbiri mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kunachedwa kuwatchula, koma bola atchulidwa.

Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anamanga msasa m'dera la mfumu Kapeni, kumene eni nthaka amati Kabula, n'kupatcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa Livingstone. Nthawi imeneyo Blantyre wa ku Scotland anali atasanduka tauni ya malasha. Chaka chotsatira, m'mawa wa pa 22 October 1877, mpweya unaphulika m'migodi ya kampani ya Dixon ku High Blantyre n'kupha anthu oposa 200, ena a iwo anyamata ang'onoang'ono. Mpaka lero palibe ngozi ya mumgodi ku Scotland imene inaposa imeneyo. Chipilala cha anthu amenewa sichili pa Shuttle Row. Chili kumtunda, ku High Blantyre, kumene alendo ambiri obwera kudzaona chipinda cha Livingstone safikako.