Kodi kuiwalaiwala kwa agogo n'kwa kumtundu?

Munthu akabwera kuchipatala ndi mayi ake omwe ayamba kuiwala mayina a ana awo kapena kusochera m'mudzi momwe akhalamo zaka 50, funso lenileni amalifunsa ali pakhomo potuluka: kodi nayenso zidzamugwera? Ndimamuyankha kuti magazi ali ndi mbali yake, koma si ndiwo amagamula mlandu.

Zomwe timayamwira kwa makolo zimasungidwa mu tinthu totchedwa majini (osati majini a mizimu aja ayi). Pa matenda a Alzheimer, omwe ndiwo amachititsa dementia (kuiwalaiwala ndi kusokonezeka kwa maganizo) mwa okalamba ambiri, jini yotchuka ndi APOE. Ili ndi mitundu itatu, e2, e3 ndi e4, ndipo aliyense amalandira umodzi kwa mayi, wina kwa bambo. Mu 1993 akatswiri a ku Duke University, ku America, anapeza kuti e4 ndiyo yovuta. Ukaitenga kwa kholo limodzi, chiopsezo chimakula pafupifupi katatu. Ukaitenga kwa onse awiri, chimakula ka 8 kapena kuposa. Komabe alipo ambiri okhala ndi e4 omwe amafika zaka 90 mutu uli gwa, pomwe ena odwala alibe e4 n'komwe.

Ziwerengero zimenezi musazimeze zonse, chifukwa zambiri zinachokera kwa azungu. Ofufuza atayerekeza nkhalamba za Chiyoruba ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis, anaona kuti e4 yomweyo inalibe mphamvu ku Ibadan ngati mmene inalili ku America. Malo, zakudya ndi majini ena oyandikana nayo zimaithandiza kapena kuifooketsa.

Matenda akumtundu enieni alipo, koma ndi osowa: sakwana wodwala mmodzi pa 100 alionse. Amayamba chifukwa cha majini a APP, PSEN1 kapena PSEN2, ndipo amagwira munthu asanakalambe, kawirikawiri asanafike zaka 60. Mwa ana a kholo lotero, pafupifupi theka amatengera. Ku Antioquia, m'dziko la Colombia, kuli fuko lalikulu lomwe anthu ake amayamba kuiwala ali m'zaka za m'ma 40. Ngati mayi anu anayamba ali ndi zaka 78, nkhani yanu si imeneyi.

Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linawerengera kuti pafupifupi 45 pa 100 ya dementia imakhudzana ndi zinthu 14 zomwe tingazisinthe, monga BP, shuga, fodya, mowa ndi vuto la kumva m'makutu. N'chifukwa chake wofunsa uja ndimamubweza pakhomopo, ndikumuuza kuti apinde dzanja la malaya ndimuyeze BP.